Phoolmati Mumupezere Wina

Okondedwa amalume a Ramdhari,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno ku Delhi kwazizira, koma ndilipo.

Chilandirireni uthenga wanu, mtima wanga suli m'malo. Mwati wansembe waona nyenyezi zanga ndi za Phoolmati, ndipo zagwirizana, tikwatirane. Amalume, wansembeyo waona nyenyezi zokha, magazi anga sanawaone, muli kachilombo.

Nyumba ija ndinachokamo kale, ndimagona pansi pa mlatho. Dzana apolisi anatithamangitsa ife ogona pamenepo, bulangete langa linapita pamodzi ndi mapiritsi omwe ndimamwa tsiku lililonse. Mnzanga Mustakim akungondiseka: “Iwe mkwati wopanda chitseko, mkaziyo udzamugoneka pati?”

Kuno kukazizira, munthu sufunsa amene wakufunditsa. Zinazo sindingalembe.

Amayi musawauze. Phoolmati mumupezere wina. Akafunsa, mungoti nyenyezi zasintha.

Ine mphwanu,
Baijnath