Ziwiya za Tereza

Amayi, kaya kumene muliko mukudzuka bwanji? Ndine Luwiza wanu. Kuno ku Mpadue ndilipo, kungoti kutentha ndi komwe kuja munkadandaula nako ulendo umene munabwera kuchipatala, mumvekere dzuwa la ku Tete limawotcha ngati munthu unalilakwira.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Mpongozi wanu, mkazi wa Joakimu, anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Amene amuona akuti mphuno ndi yanu. Mbatatesi chaka chino zabereka ku Angonia konse, moti pamsika timachita kuwakuwira ogula. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yomaliza. Abambo akuti adzakonza, koma inu mukuwadziwa.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya Tereza, mng'ono wanga. Kamwana kaja munandisiyira pomwalira, kakuguluka mano, lero akukwatiwa. Mwamuna wake ndi Zeka, Mnyungwe wa ku Chingodzi, tsidya lija la Zambezi. Amakonza mafiriji. Ndi munthu wofatsa, akabwera kuno amavula chipewa asanafike pakhomo. Mukanamukonda.

Loweruka lapitali abale ake anakonza phwando la ziwiya, kuno amati sha de panela. Amasonkhana akazi okhaokha kumpatsa mkwatibwi katundu wa m'nyumba, kenako n'kumulangiza. Azakhali a Nachisale ankati abwera, koma miyendo yawo inatupa, shapa, minibasi zathu zija, sakanakwera. Ndiye wakuchikazi ndinalipo ndekha.

Anthu aja anatilandira bwino, ndisaname. Anapha mbuzi. Tereza anamukhazika pamphasa pakati pa bwalo, anamumanga mpango kumaso, ndipo aliyense akaika mphatso m'manja mwake iye ankayenera kunena kuti n'chiyani. Akalephera, ankamuvinitsa. Anavinira sefa, anavinira simbi ya magetsi imene anaiyesa ketulo. Ankaseka n'kumawayankha m'Chinyungwe, lilime kuterera ngati anabadwira pomwepo. Ine Chinyungwe changa n'chapamsika, chotsatsira malonda. Akaseka, nanenso ndinkaseka, koma mochedwa.

Itafika nthawi yanga ndinapereka mapoto awiri, nditawakulunga m'kapulana yanu yobiriwira, nsalu ija munkavala popita ku Misa. Mapotowo sanawalabadire. Zala zake zinkayenda pansalupo mpaka zinapeza kabowo kaja kanapsa ndi khala. Anaifungatira pachifuwa. Kenako anati, “Iyi ndi ya amayi.” Mpango wakumaso unanyowa, ndipo palibe anamuuza kuti avine.

Mphatso zitatha, azakhali a Zeka, mayi Filomena, anati akuluakulu alowe m'nyumba ndi mkwatibwi, ndipo anafunsa amene waimira make. Ndinadzuka. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndili pabanja, kapena ngati ndinakhalapo. Ndinati ayi. Anandigwira paphewa, sanali ndi nkhanza ayi, n'kundiuza kuti zam'katimo si za munthu amene sanalowepo m'banja. Tereza anali atalowetsedwa kale. Chitseko chinatsekedwa.

Ndinakakhala kuseri kwa nyumba ndi atsikana otsuka mbale. Ena mwa iwo ndikhoza kuwabereka. Anandipatsa mpando, ine ndinakana, ndinatenga beseni n'kumatsukuluza makapu. M'nyumbamo munkamveka nthungululu ndi ng'oma ya ndowa. Ndege ina inadutsa pamwamba, atsikana sanatukule n'komwe mitu, ine ndekha ndi amene ndinaiyang'ana mpaka inazimirira.

Pali chimene sindinakuuzeni, Amayi. Zaka zapitazo analipo mwamuna wina, dalaivala wa lole, amene anandifunsira. Ankafuna tikakhale ku Beira, koma anati mwanayu akatsale kumudzi. Tereza nthawi imeneyo ankadwaladwala chifuwa. Ndinamuyankha kuti apite bwino. Sindinong'oneza bondo. Kungoti Loweruka lija, manja ali m'madzi a sopo, ndinamukumbukira, ndipo ndinalibe womuuza.

Dzuwa litapendeka anatuluka. Katundu yense anamusunga m'chipinda cha kwa Zeka, ndipo anapempha kuti Tereza agone kwa mayi Filomena, awathandize kulongedza. Tereza anandiperekeza kumsewu atafunda kapulana yanu. Tili chiimire kudikira shapa, anandikoka dzanja.

“Mana, mkulu wanga, onse aja andiuza zawo. Nanga inu mundiuza chiyani?”

Za amuna ine ndidziwa chiyani? Ndiye ndinangomupatsa zanu. Ndinamuuza kuti mchere ukatha asachite manyazi kupempha kwa mnansi, poti wosapempha sapemphedwanso, ndipo pakhomo pake pamamera udzu. Ndinamuuza kuti akakwiya ayambe wamwa madzi. Paja inu munkati mwana wamkazi ali ngati mbatatesi, imakula kumapiri koma ikadyedwa kuchigwa. Zimenezo sindinamuuze. Iye anangoti wamva, n'kundikonzera kolala ya bulauzi, monga ndinkamuchitira popita kusukulu. Shapa inafika itadzaza, kondakitala anandikankhira m'kati, ndipo sindinathe n'kucheuka komwe.

Pamlatho ndinkayang'ana madzi. Si kutali, Amayi, anthu amawoloka m'mawa n'kubwerera madzulo. Koma nditafika kunyumba ndinapeza nsapato zake zakale pakhomo, ndinazilowetsa, kenako ndinakhala pabedi pake osadziwa chochita ndi manja anga. Nyumba ya chipinda chimodzi ija munkaiseka kuti n'chikwere cha nkhuku, tsiku limenelo inandikulira.

Musade nkhawa. Ndikudya, ndikupita kumsika, ndipo Tereza anabwerako Lolemba, akugona kuno mpaka tsiku la ukwati. Amayankhula kutulo ngati kale. Ine ndimangomvetsera, poti ndikudziwa kuti masiku ake okhala pakhomo pano atsala ochepa.

Ukwati uliko mwezi wamawa, kutchalitchi cha ku Matema. Kutsogolo amaika mpando wa make mkwatibwi. Mpando umenewo ndikakhalapo ndine, Amayi, ndipo ndikukulonjezani kuti kaya andifunse funso lotani, sindikadzukapo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Luwiza