Kapepala ka anamwino

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, kungoti moyo wake ndi womwewu.

Chichokereni inu, nyanja yakwera mpaka kumiza zimbudzi za kusukulu kwathu. Mpunga wa achimwene ku Chinguluwe unagona m'madzi, akolola wongokwanira phala. Mng'ono wanga Esinati anachira bwino kuchipatala cha Khombedza, mwana wamkazi, mphuno yake yanu yeniyeni. Nditamunyamula ndinalira, anthu n'kumayesa ndi chimwemwe.

Koma chimene ndakulemberani ndi china. Mwezi wathawu, ndikulongedza zovala zanu, ndinapeza kapepala m'buku lanu lakuchipatala. Anamwino, podziwa kuti makutu anu anali atayamba kugontha, analemba m'Chichewa chomveka bwino kuti chotupa cha m'mimbacho si cha mapiritsi, mubwere ndi mwana wanu Lolemba akutumizeni ku Lilongwe. Inali sabata ija ndinali ku maphunziro a aphunzitsi ku Chitala. Nditabwerako munangoti akupatsani mapiritsi, kenako n'kuyamba kusimba za Chisomo, kuti mdzukulu wanu wakuwerengerani kalata ya kuchipatala osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, mpaka munamululutira. Pomwe ankawerengapo inu, poti simunkadziwa kuwerenga, munkangoyang'ana pakamwa pake, mawuwo osawamva. Ine ndinaseka monyadira, osafunsa kuti kalatayo ikuti chiyani. Panapita miyezi inayi, ndipo titafika ku Lilongwe anatiuza kuti tachedwa.

Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Wadya phulayo ndine, Amayi, mphunzitsi wathunthu. Chisomo ndi mwana wanga, ndiponso ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga. Ine kutsogolo ndi kandodo pa bolodi, ana oposa zana pansi, ndikatchula iwo kuvomera ngati kwaya. Wothamanga pakamwa ndiye tinkamuwombera m'manja. Chisomo tsamba lonse ankalitchula bwinobwino, koma ukatseka buku m'mutu mulibe kanthu. Zimenezi ndinkazidziwa, ndipo ndinkangoti adzamvetsa akakula. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, ndipo ndimadzida.

Tsopano ndasintha. Nkhani imodzi timakhala nayo sabata yonse. Tikawerenga ndimatseketsa mabuku n'kufunsa: akuti chiyani? Wadziwa bwanji? Ukanakhala iwe ukanatani? Masiku oyamba anangondiyang'ana, kuyesa ndakwiya. Kenako Asiyatu, mwana wa asodzi aja ankakugulitsani usipa, anaimirira n'kunena kuti nkhaniyo ndi yabodza, palibe msodzi wanzeru zake angalowe m'nyanja mwera ukuwomba ngati wa m'nkhaniyo. Kalasi yonse inagawikana, ena akuti njala imalowetsa munthu paliponse. Anakangana mpaka belu linalira. Ahedi akudandaula kuti ndatsalira masamba ambiri, anzanga akuti ndikuwononga nthawi ndi macheza. Ndimangowayankha kuti ndamva.

Vuto ndi lakuti Chisomo akumvetsa msanga kuposa onse. Sawerenganso mothamanga. Amaima pakati pa tsamba, n'kubwerera, n'kuwerenganso. Chilichonse cholembedwa m'nyumba muno wachibwereza, ngakhale thumba la feteleza. Lachitatu tikutsuka mbale anandifunsa osandiyang'ana kuti, “Amayi, kalata ya agogo ija ili kuti? Ndikukumbukamo mawu akuti Lolemba. Ndikufuna ndiiwerengenso.”

Ndinamunamiza. Ndinati inatayika nthawi ya maliro. Ili pansi pa sutikesi yanga, Amayi, ndaikulunga mu duku lanu. Mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha. Akaiwerenga tsopano aimva yonse, ndipo ndikuopa kuti adzasenza imfa yanu moyo wake wonse. Kawiri konse ndaitulutsa kuti ndiiponye pambaula, manja akukana. Ndiye ndizidzaima bwanji pamaso pa ana, kuwauza kuti azifunsa, pamene wanga wafunsa ine n'kumutsekera? Ndipo mawu enawo akuwakumbukira yekha pang'onopang'ono. Dzulo anafunsa kuti ku Lilongwe anthu amapitirako matenda anji. Ndi bwino aimve ndili pambali pake kusiyana n'kuti adzaitolere yekha.

Loweruka ndimukhazika pamphasa yanu, ndimupatse. Awerenge mwakachetechete. Akakweza maso ndidzamuuza kuti iye anachita zonse zimene aphunzitsi ake anamuphunzitsa, ndipo amene analephera ndi aphunzitsiwo. Ndikulonjeza kuti sindimusiya mpaka zimenezi azimve, ngakhale zitatenga zaka.

Ndimakukondani, Amayi. Mundikhululukire kuti sindinafunse.

Ndine mwana wanu,
Eneless