Wandiulula Ndani Kuti Amayiwa Si Ondibala?

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu kwa nthawi yaitali, koma kulemba ndimaopa chifukwa sukulu ndinalekezera sitandade folo. Lero ndalimba mtima poti nkhaniyi ikundilepheretsa ngakhale kudya. Mundipirire.

Ndine mayi wa zaka 47. Ndimakhala ku Swords, pafupi ndi Dublin, ndipo ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Tsiku ndi tsiku ndimasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake, pamene amayi anga ali okha ku Bembeke, miyendo ikutupa, shuga ndi BP zikuwasautsa. Ndikufuna abwere adzakhazikike kuno. Iwonso akufuna. Amaseka kuti agulitsa mbatata ya airishi pamsewu moyo wawo wonse, ndiye asanafe akaoneko kwawo kwa mbatatayo.

Pali chinthu chimodzi chimene kuno sindinauzepo munthu. Amayi ondibala anamwalira ndili ndi zaka sikisi. Amene ndikuwatchula kuti amayiwa ndi mng'ono wawo. Ananditenga tsiku la maliro lomwelo, mwana wawo woyamba Miriam ali kumbuyo, ndipo sanandisiyanitsepo ndi ana awo. Kwathu mng'ono wa amayi ako ndi amayi ako basi, ndiye sindinaonepo kuti ndikunama. Miriamyo alinso kuno. Ndi nesi, amakhala ku Crumlin, ndipo kutchalitchi onse amadziwa kuti ndi mng'ono wanga.

Nditamuuza Miriam maganizo anga sanasangalale mmene ndinkayembekezera. Anangoti, "Achemwali, musathamange, tikhale pansi kaye." Kuthamanga kwake kuti, munthu akudwala? Ndinaganiza zongoyamba ndekha.

Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina, a Tarsizio, amene amathandiza anthu kulemba mafomu Misa ikatha. Salipiritsa, ndipo zimenezo zinayamba kale kundidabwitsa. Dziko lino ndani amagwira ntchito yaulere? Komabe ndinapita. Tinawaimbira amayi foni yoonana nkhope kuti awafunse zina ndi zina. Anacheza bwino, mpaka kumakanganirana kuti kozizira kwambiri n'kuti pakati pa Dedza ndi Dublin. Potsanzikana anawafunsa kuti kumudzi amawaitana ndani, amayi n'kuyankha kuti, "Kuno amangoti amake Miriam." Titadula foni, a Tarsizio anaika cholembera pansi. Kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Pepani chemwali, kodi amayiwa ndi okubalani?"

Ndinangoti ndi amayi anga. A Tarsizio anati akumva, koma ofesi yoona za olowa m'dziko kuno ikati mayi imafuna chikalata chosonyeza kuti ndi amene anakubala, kapena kuti anakutenga kudzera kukhoti. Anati sangalembe chinthu chimene chingadzandipweteke mtsogolo. Ndinasonkhanitsa mapepala anga n'kutuluka osatsanzika.

Aphungu, anadziwa bwanji? Kuno nkhaniyi amaidziwa ndi Miriam yekha, ngakhale ana anga saidziwa. Ndakumbukira kuti Lamlungu lina ndinamuona Miriam ataima ndi akazi a Tarsizio poimika magalimoto, ndipo nditafika anasintha nkhani. Kodi akufuna kuti ulemu wobweretsa amayi ukhale wake poti ndiye wophunzira? Ine ndinasiya sukulu kuti ndizithandiza amayi kugulitsa pamsewu, iyeyo apite kusekondale. Panopa foni yake sindikuyankha. Akuimba mowirikiza, ine ndimangoiyang'ana ikulira.

Za inshuwalansi ya chipatala nazonso sindikuzimvetsa. Akuti popanda imeneyo amayi sangaloledwe kukhala kuno. Ndinaimbira kampani ina, mtsikana wake anandifunsa matenda a amayi, ine n'kunena zoona zokhazokha. Anati matenda amene munthu ali nawo kale salipira mpaka patapita zaka zingapo. Nanga inshuwalansi yosalipira matenda amene munthu akudwala ndi ya ntchito yanji? Kapena anamva Chingerezi changa n'kuona kuti wapeza wopusa?

Tsopano mnzanga wa kuntchito wandipatsa nambala ya bambo wina wa ku Balbriggan, dzina lake Jared. Iyeyu akuti zonsezi n'zazing'ono. Ali ndi munthu kumudzi amene angatulutse chikalata chonena kuti amayiwa ndi ondibala, ndipo za shuga akuti ndisadzatchulenso kulikonse. Akulonjeza kuti amayi apatsidwa chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Koma akufuna pasipoti yanga ndi theka la ndalama zimene akulipiritsa, ndipo kumene kuli ofesi yake sakunena. Akuti tikumane Loweruka pasiteshoni ya sitima. Nayenso mtima ukumukana, koma ndi yekhayo amene sanandiuze kuti ayi.

Ndikhulupirire ndani? Ndikuopa kuti uthenga wa maliro udzandipeza ndikupukuta pakamwa pa amayi a munthu wina.

R.K., Swords

Mayi R.K.,

Za sitandade folo zisiyeni. Kalata yanu yamveka bwino, moti funso lanu lalikulu mwaliyankha nokha osadziwa.

Werenganinso zimene amayi ananena pafoni paja: "amake Miriam." Kwathu mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba. A Tarsizio akudziwa kuti wamkulu ndinu. Ndiye atamva kuti amayiwo amatchulidwa ndi dzina la wamng'ono, sanafunikire wowanong'oneza. Aliyense wokulira kumudzi akanaika cholembera pansi. Inu dzinali mwalimva kuyambira muli ndi zaka sikisi, n'chifukwa chake silikudabwitsaninso. Mng'ono wanu mwamuzenga mlandu, mwamugamula, umboni wake n'kuima poimika magalimoto. Akazi awiri akasintha nkhani, mwina amakamba za amuna awo.

Tsopano za Loweruka. Musapite. Pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu. Munthu wa ntchito yoona amakhala ndi chitseko chogogodapo, sakumana ndi anthu pasiteshoni. Chikalata chabodza chikagwidwa, amayi adzakanidwa, ndipo mapepala anu amene munawavutikira adzakhala pamoto. Pa tsiku limenelo foni ya Jared idzakhala yozima. Dziwaninso kuti palibe angakulonjezeni za mpaka kalekale. Chilolezo cha makolo okalamba kuno nthawi zambiri chimakhala chakanthawi, choonjezera chaka ndi chaka, ndipo mwana wowaitanayo ayenera kusonyeza kuti amalandira ndalama zokwanira kuwasamala popanda kudalira boma. Muyezo wake ndi wokwera ndithu.

Mtsikana wa inshuwalansi uja sanakupusitseni. Kudikira pa matenda akale kumakhudza aliyense wolowa kumene, ngakhale mzungu wobadwira ku Swords komweko. Munachita bwino kunena zoona. Mukabisa shuga, adzakana kulipira amayi ali kale pabedi la chipatala. Funsani makampani angapo, muwauze kuti akulembereni zimene amalipira ndi zimene salipira, ndipo muwerengeretu mtengo wa mankhwala a shuga ndi BP pa zaka zodikirazo. Malamulo a zolowa m'dziko amasinthasintha, choncho musanatumize fomu iliyonse kaonaneni ndi loya wodziwa nkhanizi kapena ofesi yolangiza kwaulere anthu obwera. Mukawauze mbiri yonse monga mwandiuzira ine, ya maliro aja ndi zonse.

Mawu owawa ndi awa. Pamaso pa ofesi, mwana wa amayi ndi Miriam. Ngati pali mwayi woti abwere, ukuoneka kuti uli pa dzina lake ndi malipiro ake a unesi. Ndikuganiza kuti n'zimene ankafuna kukuuzani ponena kuti mukhale pansi, koma ankasowa poyambira. Mungamuuze bwanji mkulu wanu amene anakusiyirani sukulu kuti pepala silikumuwerengera? Ndipo ngakhale mutagwirizana, akhoza kukanidwabe. Mukambiranenso njira zina: amayi kubwera kudzacheza kwa miyezi yochepa, kupeza munthu wodalirika wowasamala ku Bembeke, ndi inu awiri kumasinthana kupita kumudzi pa tchuthi.

Lamlungu mukawapepese a Tarsizio. Anakutetezani, ndipo sanakufunseni pagulu.

Dzina lolembedwa pafomu lisakudwalitseni. Amayi akadzaloledwa, amene akukhala pafupi ndi bwalo la ndege ndinu, ndipo manja odziwa kusambitsa wokalamba osamupweteka ndi anu. Iwo anakunyamulani pamaliro popanda chikalata, sadzakufunsani chikalata lero.

Chenjezo langa ndi ili: mwakayikira Jared ndipo mwalondola, koma kukayika komweko mukakusiya kuti kuyendere aliyense, kudzakulandani mng'ono wanu amayi adakali moyo n'kumaona. Miriam akaimbanso, musaiyang'ane foniyo. Yankhani, mumuuze kuti mwakonzeka kukhala pansi.

Aphungu