Khadi la Shopu ndi Machaji a ku Banki

Achemwali 13:52
bambo a mwana muli kuti ndi khadi la shopu? ndili kwa wogulitsa nsalu ndipo ndayamba kuchita manyazi. green ya yunifomu yatsala mipukutu iwiri yokha

Achemwali 13:53
akuti andisungira mpaka 3 koloko. ikakwana agulitsa kwa telala wa kuseri kwa msika uja. wakhala pa benchi pompano, ndalama ali nazo m'manja, akungondimwetulira

Alamu 13:58
ndili pa ATM mayi. osadandaula, ndikugwira ntchito

Achemwali 13:58
ntchito yanji? kutapa ndalama sikutenga tsiku. munanyamuka dzuwa lili pamutu

Alamu 14:01
funsani mlongo wanuyo, akauntanti wathu. nzeru ndi zake

Ine 14:06
ine?? ndangotuluka mu miting, ndalakwanji

Alamu 14:07
alamu si munanena dzulo polemba za msonkho wa shopu kuti machaji a ku banki amachotsa pa msonkho?

Ine 14:08
eya, a akaunti ya bizinesi. amawerengedwa ngati ndalama zoyendetsera ntchito, monga ulusi ndi lendi. bwnj?

Alamu 14:09
basitu. ndiye ndikutapa pang'onopang'ono. kutapa, chaji. kuona balansi, chaji. mini statement, chaji. chaka chino a msonkho atidziwa

Ine 14:09
alamu ayi

Alamu 14:11
(mawu ojambula 0:29) Alamu tamverani, ine masamu ndinkakhoza. Banki ikatidula, boma litibwezera. Ndiye kutapiranji kamodzi ngati munthu wosaphunzira? Pepani amayi, dikirani, tonse tili ndi makhadi. Iyayi achimwene a gadi, sindikusewera, iyi ndi business strategy.

Ine 14:12
palibe akubwezereni kalikonse!! chaji ikapita yapita. amangoichotsa pa phindu asanawerengere msonkho. mukutaya ndalama yathunthu kuti mupulumutse kachidutswa

Alamu 14:13
kachidutswa nakonso ndi ndalama

Achemwali 14:13
tapani zonse kamodzi MUBWERE

Alamu 14:16
ndili kumapeto kwa mzere mayi. a gadi alamula kuti ndizigwira makina katatu kenako ndibwerere kumbuyo. mayi wina wandilonjeza ambulera m'mutu

Achemwali 14:16
muwauze asachedwe nayo

Ine 14:18
mwatapa zokwana kugula chiyani mpaka pano

Alamu 14:19
theka la mpukutu. koma ma risiti thumba la malaya ladzaza

Achemwali 14:21
(mawu ojambula 0:41) Bambo a mwana, ndikuyankhula pang'onopang'ono chifukwa muli anthu muno. Oda ya sukulu imeneyi ndayisaka mpaka nsapato kutha. A hedi ananena poyera kuti ndikalephera apatsa wina. Green imeneyi kulibe kwina, ndazungulira mashopu onse, miyendo yatupa. Ndikukupemphani ngati mkazi wanu, siyani masamu.

Achemwali 14:22
iwe akauntanti, tumiza kaye zako ndidzakubwezera

Ine 14:23
sory achemwali, malipiro sanalowe. ndikuyenda ndi ya basi yokha

Achemwali 14:23
koma nzeru zogawira anthu uli nazo zambiri

Alamu 14:31
ok ndamva. patsogolo panga patsala anthu awiri. ndikutapa zonse

Achemwali 14:31
zkm Ambuye

Alamu 14:36
ndafika. ndingoona balansi kamodzi komaliza

Ine 14:36
MUSAONE

Ine 14:37
alamu

Achemwali 14:40
(foni yosayankhidwa)

Achemwali 14:43
(foni yosayankhidwa)

Alamu 14:47
alamu kafunso. makina akameza khadi amalilavula tsiku lomwelo?

Ine 14:47
mayooo

Alamu 14:52
ndalowa mkati. akuti kompyuta yawo yaganiza kuti khadi lili ndi wakuba chifukwa munthu wabwinobwino satapa choncho. atseka akaunti mpaka lolemba, abwere mwini wake ndi ID

Alamu 14:53
mtsikana wa pa kauntala wandifunsa ngati ndine mwamuna wa mwini akaunti kapena ndalitola khadi. ndati mwamuna wake. wati pepani, muwapepese mayiwo

Alamu 14:55
mayi muuzeni wa nsaluyo ndikubwera ndi ya theka. adikire plz

Achemwali 15:04
musavutike. telala uja wanyamula mipukutu yonse iwiri

Achemwali 15:05
wandipempha ndimugwirire chitseko. ndamugwirira

Achemwali 15:05
ndalira pamaso pa anthu ine, mzimayi wamkulu. mtima ukundiwawa simungamvetse

Ine 15:07
pepani achemwali. ndiimbira anzanga mwina wina akudziwa kogula green

Alamu 15:09
pepani mayi. ndimafuna ndikudabwitseni

Achemwali 15:09
ndadabwa

Alamu 15:20
alamu akuti khadi latsopano pali chaji. imeneyonso amachotsa?

Ine 15:21
osati pano alamu

Alamu 15:21
ingoyankhani eya kapena ayi

Ine 15:24
eya

Alamu 15:24
mwaona mayi? sitinaluze zonse

Alamu 15:40
mayi?

Alamu 16:28
ndafika ku shopu ndapeza mwakiya. kunyumbanso mwakiya koma wailesi ikumveka

Achemwali 16:45
lolemba m'mawa muvale jekete mupite kwa a hedi. muwakhuthulire ma risiti anuwo pa tebulo, muwauze kuti ana awo avale amenewo

Alamu 16:46
ndipita. koma lero ndilowera pati

Alamu 17:02
alamu kwanu pa sofa pali munthu?

Achemwali 17:03
iwe ukawatsegulira chitseko usadzanditchulenso chemwali wako. zonsezi zayambira pakamwa pako

Alamu 17:15
alamu ndili pa geti panu. ndikukuonani pa windo

Alamu 17:19
alamu?