Munda wa Margaret

Luddenden, Halifax
9 Malichi 2003

Wokondedwa mlongo wanga Sheila,

Landira moni wochokera kuchigwa kwathu kuno. Uli bwanji ku Perth? Bondo lija anakuchita opaleshoni layamba kupinda? Nanga alamu anga a Desmond akusutabe fodya mobisala m'galaja? Ine ndilipo, kungoti nyamakazi yandigwira zala, ndiye ukaona zilembo zikupendekeka usati ndaledzera. Mvula ikugwa monga unaisiyira.

Khadi lako la Khirisimasi ndinalandira. Pansi penipeni unalemba funso lako lija la chaka ndi chaka, lakuti kodi palibe amene anabwera kudzakufunsa. Nthawi zonse ndimayankha kuti palibe. Ulendo uno khala pansi kaye, chifukwa yankho lake ndi lalitali.

Chimwalirireni mkazi wanga Enid ndakhala ndikuganiza za mwala wa pamanda athu. Poti ife Mulungu sanatipatse mwana, ndinauza mmisiri wosema miyala kuti pansi pa dzina langa adzalembe kuti "womaliza wa banja la Murgatroyd". Matama anga ukuwadziwa. Ndinafunanso chaka chimene dzinali linayamba, choncho ndinapita ku laibulale.

Kumeneko ndinapeza Mayi Sutcliffe, amene amasunga mabuku akale. Ndinawafotokozera zija ankanena bambo, zoti kholo lathu linali bwana wamkulu wokwera pahatchi amene mfumu inampatsa chigwa chonsechi. Mayiwo anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati aliyense wolowa pakhomo lawo amabwera ndi bwana wake wa pahatchi, sanaonepo wobwera ndi woweta nkhumba.

Kenako ananditsegulira buku. Akuti kachidutswa komaliza ka dzina lathu ndi mawu akale a kuno otanthauza malo amene munthu wagwetsapo mitengo n'kulimapo, ndipo koyambirirako ambiri amati ndi Margaret. Munda wa Margaret, basi. Mayi wina anaswa mphanje paphiri, anthu n'kumatchula malowo ndi dzina lake, ndipo obadwira pamenepo analitenga n'kupita nalo kulikonse. Ndinafunsa kuti nanga mwamuna wake anali ndani. Iwo anati mabuku sakumutchula, mwina analipo koma nkhwangwa sanagwire.

Ndinaseka nawo, kenako ndinatuluka. Ndinakhala pa benchi ya pamalo okwerera basi, mabasi awiri n'kundidutsa.

Ndinakumbukira chaka cha 1962, tsiku limene unaulula kuti uli ndi pakati. Bambo anamenya tebulo n'kunena kuti mwana wapathengo sadzayenda m'chigwa muno ndi dzina lawo. Iwe unayang'ana ine, poti ndine ndinkakuikira kumbuyo pa chilichonse. Ndipo ine, mchimwene wako, ndinati dzina ndi la amuna, iwe unangobwereka. Mawu amenewo sanandituma bambo. Anali anga.

Ndine ndinakunyamulira sutikesi kukakusiya ku nyumba ya atsikana oyembekezera ija. Unamuyamwitsa masabata asanu ndi limodzi, unamutcha Stuart, kenako anabwera anthu n'kumutenga. Patapita zaka zinayi unakwera chombo chopita ku Perth, ndipo sindinakufunsepo chimene unathawa.

Sheila, anabwera. Papita zaka zinayi tsopano.

Linali Loweruka masana, ndikudulira mpanda. Panaima bambo wamtali, chipewa chili m'manja. Anati anakulira ku Hull ndi dzina lakuti Graham Cawood, koma atapempha chikalata chake chobadwira anapezamo dzina lina: Stuart Murgatroyd, mayi ake Sheila, woomba nsalu za ubweya ku Luddenden. Anafunsa mwaulemu ngati ndikukudziwa.

Ndinamuuza kuti aphwanga, m'chigwa muno mukaponya mwala umagwera Murgatroyd, tsegulani buku la manambala a foni muone nokha. Ndinati Sheila ameneyo sindinamumvepo, akayese ku Sowerby Bridge. Dzina lomwe ndinamumana lija ndi limene ndinabisalamo. Iye anathokoza, n'kusiya kakhadi ka adiresi pamwamba pa geti.

Enid anaonera zonse pawindo. Nditalowa anandifunsa ngati makutu a munthuyo sindinawaone, akuti makutu otambalala chonchija m'dziko muno ali ndi banja limodzi lokha. Ananditcha wamantha, nkhalamba yopanda manyazi, ndipo sabata yathunthu ndinkadziphikira ndekha. Kakhadiko anakaika m'chitini cha tiyi kuti ndizikaona m'mawa uliwonse. Asanamwalire anandikumbutsanso, ine n'kuti ndamva.

Ndinkadzinamiza kuti ndikuteteza banja lako, chonsecho a Desmond unawauza zonse musanakwatirane. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuti ukamuona udzakumbukira amene ananyamula sutikesi.

Tsono nditachoka ku laibulale kuja, m'mawa mwake ndinatsegula chitini n'kukwera sitima ya ku Hull. Nyumba sindinavutike kuipeza. Pakhomo panali galimoto yoyera ya ntchito zamapaipi, ndipo m'mbali mwake munalembedwa zilembo zikuluzikulu: S. Murgatroyd ndi Mwana Wake Wamkazi. Ndinaima mumsewu ngati chitsiru, n'kumawerenga mobwerezabwereza.

Stuart anatsegula yekha chitseko. Sanadabwe. Anati malume, mwachedwa, koma ketulo ikadali yotentha. Akuti anadziwa tsiku lomwe lija kuti ndikunama, poti ankalankhula ndi makutu ake omwe. Makolo amene anamulera anali anthu abwino, ndipo ndi iwo anamuuza kuti iwo akadzapita adzatenge dzina limene mayi ake anamupatsa. Anapita kwa loya n'kusintha. Anandiyang'ana n'kunena kuti pepani, sanadziwe kuti pamafunika chilolezo changa.

Mwana wakeyo ndi Joanne, wa zaka makumi awiri. Anatulukira atanyamula sipanala, manja ali bii, n'kufunsa bambo ake ngati nkhalambayi ndi ija ya pampanda. Kaimidwe kake ndi iwe ndendende. Ali ndi pakamwa ngati iwenso.

Ndinamupatsa Stuart adiresi yako, koma anaikankhira kwa ine. Anati khomo limodzi linamutsekera kale, lachiwiri sangalipirire. Ngati mayi ake anamanga moyo wina kutsidya kwa nyanja, iye safuna kukaugwedeza. Ndinalumbira kuti chaka chilichonse umamufunsa, kuti sunaphonyepo n'kamodzi komwe. Anandithirira tiyi wina, kenako anati: "Malume, mawu anu ndinawamvapo kale."

Ndiye waona pamene ndakufikitsa. Ndikanena zoona, palibenso wondikhulupirira. Chimene angakhulupirire ndi dzanja lako lokha. Adiresi yake ndaikamo m'kalata muno, ndi kakhadi komwe kaja, kakununkha tiyi. Ndapota nawe, mulembere sabata ino. Ukafuna kundikalipira, yamba walembera iye, ine ndidikira. Ndinakubera zaka zinayi, pamwamba pa zina zija, ndipo ndilibe pozitenga kuti ndikubwezere. Zikundiwawa, Sheila, ndipo n'koyenera kuti zindiwawe.

Kwa mmisiri wa miyala ndinapitako dzulo. Mwayi wake anali asanayambe kusema. Ndamuuza kuti mawu akuti "womaliza" awasiye.

Undiperekere moni kwa a Desmond, kwa mwana wako Karen ndi ana ake, uwauze kuti ali ndi abale ku Hull amene amadziwa kukonza mipope. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu m'bondomo kuti udzakwere ndege.

Dzina la banja lathu sindilemba pansipa. Sunabwereke kwa munthu, ndipo amene analipititsa patsogolo ndiwe.

Ndine mchimwene wako,
Clifford