Mapepala a Bambo Apita

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tilipo, tikudzuka.

Anthu osunga mbiri ya dziko aja munawalola pafoni anabwera Lachiwiri. Anatenga mapepala onse a Bambo a nthawi ya nkhondo, mapu, malamulo amene ankatumiza kwa asilikali awo, ngakhale tizikalata tothimbirira tija malemu Amayi ankafuna kukolezera moto. Ananyamula mabokosiwo atavala magolovesi oyera, ngati akunyamula khanda.

Mayi amene ankawatsogolera anati kumene akupita nawo kuli chipinda chozizira, njenjete sizilowamo. Anati mapepala a mkulu wa asilikali ndi chuma cha dziko. Amanena izi ine ndikuchapa zofunda zimene mkulu wa asilikaliyo anakodzera.

Kenako mayiyo anapempha kuti awapatse moni Bambo. Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumufunsa ngati anyamata a pa mlatho awoloka. Mayiyo anacheukira ine. Ndinayankha monga ndimayankhira m'mawa uliwonse, kuti awoloka onse, akudya. Inu ndi ine tikudziwa kuti palibe amene anabwerako.

Galimoto ikutuluka sindinalire. Ndinangosesa chipindacho.

Vuto ndi ili. Kale Bambo ankakhala pakati pa mabokosiwo tsiku lonse, atagwira mapu chozondoka, ali phee. Tsopano amaima pakhomo pa chipinda chopanda kanthu, akuti adani alanda likulu. Chakudya akukana, akuti mkaidi sadya za adani. Dzulo anandifunsa kuti ndine wa gulu liti. Ndinawauza dzina langa, sanalidziwe. Lanu lokha ndi limene amatchula, akuti mwana wawo ali m'njira ndi asilikali ena.

Achimwene, sindikukuimbani mlandu. Ngakhale mkwiyo unandithera. Bambo ndimawasambitsa ndi kuwameta ndevu ngati ndikupukuta tebulo, sindimva kalikonse, ndipo ndikudziwa kuti si bwino.

Bwerani. Musatumize mankhwala kapena zovala, bwerani inuyo, mudzawadyetse ndi dzanja lanu, mwina kwa inu adzatsegula pakamwa. Ine ndigoneko pang'ono. Adokotala akuti mtima wawo ndi wolimba, koma munthu wosadya sachedwa.

Mulungu akusungeni ndi kukutsegulirani njira. Mundiperekere moni kwa alamu, anyamata, ndi kamtsikana kanu kaja agogo ake sanakaonepo.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.