Nsapato Yakumanzere

Milwaukee, Wisconsin
Lolemba, 11 Malichi 2019

Okondedwa achimwene Odell,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu anga a Earline, ndiponso kuti phwando lokumbukira kuti mwakwanitsa zaka 80 linayenda bwino Loweruka. Zithunzi ndaziona pafoni. Suti yabuluu ija ikukukhalanibe, ngakhale tayi munaimanga mopotoka monga mwa masiku onse.

Lachisanu mwana wanga Renita anakuimbirani kuti ndege yathu yalephereka chifukwa cha nyengo yoipa. Musamudzudzule. Bodza limenelo ndinamutuma ndine, ndipo analinena nkhope itakwinyika. Ndege inanyamuka pa nthawi yake, koma ife sitinakweremo. Ndikulemba kalatayi ndili pabedi m'chipatala, phazi langa lakumanzere lili pamwamba pa mapilo awiri. Pafoni sindikanatha kuziyamba, poti inu mumamva ndi khutu limodzi ndipo ndikanayenera kukuwa. Renita ajambula mapepalawa n'kuwatumiza pafoni ya alamu kuti akufikeni lero lomwe.

Mu Januwale ndinagula nsapato zatsopano zakuda zoti ndidzavale kuphwando lanulo. Ndinati ndiziyambe kuvala kutchalitchi kuti zifewe. Nditabwerera kunyumba ndinapeza chithuza pansi pa chala chachikulu, chaching'ono ngati nyemba. Sichinkawawa. Inu mukudziwa kuposa ine tanthauzo la mawu amenewo, koma ndiloleni ndifotokozebe, poti ndinaphunzitsa ana a sekondale za thupi la munthu kwa zaka 31 ndipo chizolowezi sichitha. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri, amawononga timitsempha timene timanyamula uthenga wa ululu kuchokera kumapazi. Phazi limakhala ngati nyumba yopanda galu, wakuba amalowa popanda wouwa. Magazinso safika okwanira kumeneko, ndiye chilonda sichipola msanga. Zonsezi ndinkazijambula pabolodi ndi choko chofiira ndi chabuluu. Ndinkapereka mayeso pa zimenezi, n'kumalepheretsa ana a eni.

Chithuza chinaphulika n'kusanduka chilonda, chilonda chinayamba kulowa mkati. Ndinkachitsuka kubafa ndi madzi amchere, n'kuchikulunga ndi thonje ndi bandeji, pamwamba n'kuvala sokosi yakuda. Chimwalirire mkazi wanga Vernice, palibe amene amaona mapazi anga. Dokotala wanga ndinamuzemba kawiri, podziwa kuti ndikangolowa mawu ake oyamba amakhala akuti, "Vulani nsapato, a Pettaway." Ndinakhala choncho masabata asanu ndi awiri. Sabata lomaliza panayamba kafungo, ndipo ndinkathira paudala m'nsapato.

Mufunsa chifukwa chake. Zaka zinayi zapitazo, atakudulani mwendo pansi pa bondo, ndinabwera ku Mobile kudzakuzondani. Mukukumbukira kuti ndinaima pawindo nthawi yonse, n'kumakamba za mpira ndi za misewu yoipa ya kuno? Bulangete lanu linali lathyathyathya pamalo pamene panayenera kukhala phazi. Ndinaliona kamodzi polowa, sindinayang'anenso. Ndinanyamuka tsiku lisanakwane, ndipo chichokereni pamenepo ndakhala ndikupeza zifukwa zosabwerera. Zanu zinayambanso ndi chithuza. Ndiye mumtima mwanga ndinkati, malinga dokotala asanachione, chikadali chithuza basi.

Za pabwalo la ndege ndinali nditaziganizira bwino. Pamalo osechera aliyense amavula nsapato, kupatula ana aang'ono ndi okalamba amene akwanitsa zaka 75, ndipo ine ndili ndi 73. Koma zaka ziwiri zapitazo ndinalembetsa m'gulu la apaulendo ofufuzidwa kale, aja amadutsa mzere wawowawo osavula nsapato kapena lamba. Nambala yanga ndinailoweza pamtima. Chimene ndinaiwala, ine wophunzirane, n'chakuti nambalayo imagwira ntchito pokhapokha italembedwa pogula tikiti. Matikiti anagula ndi Renita, ngati mphatso, osandifunsa kanthu.

Lachisanu m'mawa ndinapita molunjika pamzere waufupi wa ofufuzidwa kale aja. Wachitetezo wa pakhomo anayang'ana tikiti yanga n'kupukusa mutu.

"Bambo, chizindikiro palibe apa. Mzere wanu ndi uwo."

"Koma ndinalembetsa," ndinatero. "Nambala ndikhoza kukutchulirani."

"Ndikukukhulupirirani, koma ine ndimayang'ana pepala. Uwo, bambo."

Renita anandikoka mkono akuseka. "Adadi, tiyeni, ndi nsapato chabe. Kapena masokosi anu ndi obooka? Nenani, ndisachite manyazi modzidzimuka."

Achimwene, mzere umenewo unatenga mphindi makumi awiri, ndipo sindinaopepo choncho chibadwire. Kutsogolo wachitetezo wina ankangokuwa kuti, "Nsapato m'mabeseni! Malamba, majekete, zam'matumba, zonse m'mabeseni!" Ndinkawerenga anthu otsala patsogolo panga. Khumi ndi awiri. Asanu ndi anayi. Ndinaganiza zonena kuti m'mimba mwandipotola. Ndinaganiza zonama kuti ndili ndi zaka 75, koma chiphaso changa anali atangochiona kumene. Ndinkadziwanso kuti wodwala akhoza kupempha kusechedwa atavala nsapato, koma pempho limenelo likanatuluka m'kamwa mwanga Renita ali pambali panga. Malaya ananyowa kumsana. Renita ankandiuza za keke imene alamu anaitanitsa, ine n'kumangoyankha kuti eya, eya.

Iye anadutsa koyamba. Ine ndinaika jekete ndi lamba m'beseni, ndinavula nsapato yakumanja bwinobwino. Yakumanzere inakana. Sokosi inali itamatirira mkati. Ndinawerama n'kumaikoka pang'onopang'ono, ndipo bambo wina wovala kapusi kumbuyo kwanga anati, "Madala, kodi mukuivula kapena mukuipempherera? Enafe ndege zitisiya."

Ndinakoka mwamphamvu. Inatuluka ndi kaphokoso ngati pamene umatula tepi pakatoni. Sindinamve ululu ngakhale pang'ono. Ndinayenda mapazi atatu kulowera kumakina ounika aja, ndipo ndinazindikira kuti kumbuyo kwanga kwati zii. Nditacheuka ndinaona madontho awiri aakulu pansi, ofiira mosakanikirana ndi mafinya, ooneka bwinobwino ngati chidindo cha phazi. Fungo linali litafika kale kwa anthu. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo.

Wachitetezo wina wamkazi, wamfupi, waimvi, anakweza dzanja kuimitsa mzere wonse. Pachifuwa pake panalembedwa dzina lakuti Villanueva. Mukhoza kuseka, koma ndinaganiza kuti andimanga, ngakhale sindinkadziwa mlandu wake. Iye anangokoka mpando.

"Khalani apa, bambo. Musapondenso pansi." Kenaka anatsitsa mawu. "Shuga?"

Ndinagwedeza mutu.

"Chayamba liti?"

"Masiku angapo."

"Bambo, ine ndinadwazika amayi anga zaka zisanu ndi chimodzi. Fungo ilo si la masiku angapo." Analoza tsidya la makina, kumene Renita anaima nsapato zake zili m'manja. "Mwana wanu ndi uyo?"

"Chonde musamuitane."

"Akuona kale."

Anamulola kubwerera. Renita anagwada pansi asanavale n'komwe nsapato zake, anatenga nsapato yanga ija n'kusuzumira mkati, kenaka anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Adadi, ichi n'chiyani?"

"Kachithuza chabe, mwanawe."

"Kachithuza? Kayamba liti?"

"Januwale."

"Januwale! Ine ndimabwera Lamlungu lililonse kudzakuphikirani, inu n'kumandiphunzitsa za mafuta a galimoto yanga, kundikonzera galamala ya ana anga, phazi likuwola pansi pa tebulo?"

Ndinamupempha kuti tingokwera ndege, za dokotala tikaone tikafika ku Mobile.

"Kuti mukafanane ndi adadi aakulu?" anatero, ndipo nthawi yomweyo anagwira pakamwa. Ndalemba mawu amenewa atandilola. Akuti mumukhululukire.

Mayi Villanueva anati, "Ntchito yanga si kukuletsani ulendo chifukwa cha phazi. Tikhoza kukusechani mutakhala pompano, n'kukwera ndege yanu. Koma mukanakhala bambo anga, ndikanang'amba tikitiyo ndi mano."

Anaitana achipatala a pabwalo pomwepo. Mnyamata wina wamtali anadula sokosi ndi sizasi, n'kuchotsa bandeji. Kunyumba ndinkachitsuka mothamanga, nditayatsa getsi laling'ono lokha. Apa panali powala ngati m'kalasi, ndipo ndinayang'ana. Chala chachikulu chinali chakuda ngati biringanya, chinzake chitayamba kusintha mtundu. Koma chimene chinandiopsa kwambiri ndi kamzere kofiira kamene kanachokera pachilonda kukwera mpaka pa akakolo. Kamzere kameneko ndimakadziwa. Kamatanthauza kuti tizilombo tachoka pachilonda ndipo tayamba ulendo wopita kumtunda. Sindinakanenso. Pondikankha panjinga ya odwala, bambo wa kapusi uja anathamanga ndi jekete yanga ndi nsapato yakumanja imene ndinaiiwala m'beseni. Anati, "Pepani madala, sindinadziwe." Ndinazilandira n'kuziika pamiyendo.

Tsopano ndikuuzeni mmene zilili. Dokotala wanga kuchipatala kuno ndi mayi wachitsikana, a Raghunathan, wolankhula mosabisa. Akundithira mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha wa pamkono usana ndi usiku. Anatenga cholembera n'kujambula mzere pakhungu langa kuzungulira pamene pafiira, ndipo m'mawa uliwonse amabwera kudzaona ngati kufiirako kwadumpha mzerewo. Dzulo kunadumpha pang'ono, ngati m'lifupi mwa chikhadabo. Lero kwaima pomwepo. Ndimatha maola ndikuyang'ana mzere umenewo, mpaka namwino wina anauphimba ndi nsalu, akuti, "Aphunzitsi, kuuyang'ana sikuubweza."

Lachitatu m'mawa adula chala chachikulu. Chinzakecho mwina chipitanso. Zotsalazo akuti adziwa akatsegula n'kuona fupa. Ndinafunsa kuti fupa likapezeka loipa adula mpaka pati, ndipo anandiyankha kuti mpaka pamene pali nyama yamoyo. Anandisiyira pepala loti ndisaine. Ndaliwerenga kanayi, lalembedwa bwino, palibe cholakwika chilichonse. Pali mzere umodzi wonena kuti ndikuwalola kudula kopitirira pamenepo akaona kuti n'kofunika. Tanthauzo lake n'lakuti ndidzagona ndili ndi phazi, ndipo ndidzadzuka osadziwa chimene chatsala pansi pa bulangete. Pepalalo lili pakabati apa kuyambira Loweruka. Sindinasaine. Dokotala wandipatsa mpaka mawa masana, ndipo wandiuza kuti tsiku lililonse lochedwa likhoza kukweza malo odula.

Ndiye ndili ndi pempho, ngakhale ndikudziwa kuti sindine woyenera kupempha. Mundiimbire mawa cha m'ma 2 koloko masana. Renita adzakhala pano, adzakweza foni kuti tizimvana, ndipo mnzanga wa bedi linalo wanena kuti tikhoza kukuwa mmene tingathere, iye wamva kale zoposa pamenepa. Musadzandiuze kuti zonse zikhala bwino. Renita wanena kale zimenezo, abusa anenanso. Mudzandiuze zimene zimachitika. Mutadzuka tsiku lija, munayang'ana pompo kapena munadikira? Anachotsa bulangete ndani, inu kapena namwino? Kodi n'zoona kuti chala chimene palibe chimayabwabe? Za timitsempha ndi ubongo ndikhoza kuzifotokoza tsamba lonse, koma sindikudziwa chimene munthu amachita ndi dzanja lake chikayamba kuyabwa. Mafunso amenewa ndinayenera kukufunsani zaka zinayi zapitazo nditakhala pafupi ndi bedi lanu, ndipo mwina munkadikira kuti wina akufunseni. Pepani, achimwene. Ndikufuna ndisaine pepalalo inu muli pafoni.

Alamu anga a Earline, ndikudziwa kuti ndinu amene mukuwerenga mokweza kalatayi, poti magalasi a amuna anu sapezeka akafunika. Pepani kuti ndakudutsitsani m'zonyansa zonsezi. Zikomo kuti zaka zonsezi simunandifunsepo chifukwa chimene ndinasiyira kubwera, ngakhale ndikukhulupirira kuti munkachidziwa. Mundiperekere moni kwa ana ndi zidzukulu, makamaka Jamarion amene ndamva kuti wayamba kukonda sayansi. Anthu a kutchalitchi kwanu muwauze zoona, za nyengo zija zithe, ndipo Lachitatu m'ma 7 koloko m'mawa anditchule dzina m'pemphero. Renita akupereka moni. Sakundilankhulabe kwambiri, koma sanachoke pampando uwu kuyambira Lachisanu.

Ndidzakhala nditaika foni pachifuwa kuyambira 1 koloko.

Ndine mng'ono wanu amene akuopa kwambiri,

Lucius